Kiyi wa Seva ndi Khoma la Bambo Ake

Mwana wamkazi wa mlongo wanga amadula makiyi. Shopu yake ili pakati pa famase yogulitsa mankhwala ndi malo omatira matayala, ndipo ndi yopapatiza moti anthu awiri akalowa, wachitatu amaima pakhomo. M'katimo muli kauntala, makina odulira, tupa zitatu, ndi khoma lodzaza misomali pomwe pamalendewera makiyi osadula. Msewu wonse umamuitana kuti Amakiyi. Ifenso achibale tinazolowera lomwelo.

Zaka zake zapitirira makumi anayi. Sukulu anailekezera panjira amayi ake atayamba kudwala. Ntchitoyi anaiphunzira kwa mkulu wina amene anali mwini shopuyo kale, ndipo mkuluyo anamusiyira makina pamodzi ndi malamulo awiri. Loyamba, kiyi watsopano uzidulira pa kiyi woyambirira, chifukwa kopi ya kopi imakana loko, choncho woyambirirayo uzisunga. Lachiwiri, kiyi wotsegula zitseko zonse usamupereke kwa munthu chifukwa choti wapempha mwaulemu. Malamulowa amawatsata mouma mutu. Ndinamuonapo akubweza bambo wina wa tayi amene anabwera ndi chithunzi cha kiyi pafoni.

"Bweretsani kiyiyo, bwana," anatero. "Mukalephera, bweretsani chitseko."

Bambo ake ndi alamu anga. Iwo anali mmisiri womanga nyumba, ine kalipentala. Zaka makumi atatu iwo ankakweza makoma, ine n'kumakhoma denga pamwamba pake, ndipo zaka zonsezo tinkakangana kuti wapendamitsa nyumba ndani. Mlongo wanga atamwalira sitinasiye kukangana. Chaka chathachi sitiroko inawagwira akumanga zingwe za nsapato. Anatuluka m'chipatala mwendo ukukoka, mawu akutuluka movutikira, dzanja lamanja litapindika ngati mbedza.

Dokotala wa mafizo sanabise. Anati dzanjalo likapanda kugwira ntchito miyezi yoyambirirayi liuma, ndipo silidzatsegukanso. Anawapatsa kampira kofinya, ndi mabatani oti azitola m'mbale ina n'kumaika m'mbale ina. Alamu anafinya kampirako masiku awiri. Tsiku lachitatu anakaponya pazenera ndi dzanja lamanzere.

"Ndine mwana ine?" anafunsa. Tsiku limenelo mawu anatuluka bwinobwino.

Kuyambira pamenepo ankangokhala pampando kuyang'ana khoma la pabalaza, dzanja lili pamwendo ngati la munthu wina. Masabata ankapita, zala zikunka ziuma.

Ana awo ndi atatu. Woyamba ndi mwamuna, amayang'anira ofesi ina kumzinda wakutali. Timamutcha Manijala, ndipo tinayamba kumutcha choncho asanalowe n'komwe sukulu. Wachiwiri ndi Amakiyi, amene amakhala ndi bambo akewo. Wotsiriza ndi nesi, amagwira ntchito kunja. Nesiyo ndiye anatchula za gemu ina ya pakompyuta, imene anthu amamanga zinthu ndi mabuloko m'dziko limodzi, aliyense atakhala kwawo. Kuti buloko ikhale pamalo pake, umayendetsa mausi ndi dzanja n'kudina ndi chala.

"Ndi mafizo omwewo," anatero pafoni, "kungoti pamapeto pake pamaoneka khoma."

Amakiyi anayamba wayesa yekha m'dziko lolowa aliyense. Anamanga kakhoma kofika m'chiuno, n'kupita kukadulira kasitomala kiyi. Pobwerera anapeza munthu wosamudziwa wakagumula n'kusiyapo chikwangwani cha zotukwana.

"Malume, bambo anga sindingawaike m'nyumba yopanda loko," anandiuza.

Mng'ono wake anamufotokozera kuti n'zotheka kukhala ndi dziko lawolawo, koma pamafunika seva. Seva ndi kompyuta yosazimitsidwa, imene imasunga dzikolo n'kumalowetsa okhawo amene wawasankha.

"Ndiye uitana katswiri?" ndinafunsa.

"Katswiri akakonza, kiyi akhala ndi iyeyo. Zikadzafa ndizidzamudikira?"

"Iwe za makompyuta unaziphunzira kuti?"

"Za maloko ndinaziphunzira kuti?"



Kompyuta anaipeza kwa eni famase, yakale, imene ankafuna kukataya. Ikayaka inkalira ngati firiji yokalamba. Malangizo ankawerenga pafoni pakati pa kasitomala ndi kasitomala, n'kumalemba chilichonse chimene wachita m'kope la sukulu, m'mawu akeake. Akalakwitsa sankafufuta. Ankalemba pambali kuti "izi ayi". Anachotsa zonse zinali m'kompyutamo, n'kuikamo pulogalamu ya seva. Kawiri konse inakana kuyaka. Ulendo wachitatu mizere ya zilembo inatsetsereka pasikirini n'kuima pa mawu oti zatheka. Sanakuwe. Analemba tsiku m'kope, n'kupita kukatsegulira mayi wina loko wa sutikesi.

Kenako anatsegula tsamba la malamulo a dzikolo. Mzere uliwonse ndi lamulo, ndipo mwini seva amayankha inde kapena ayi, kapena amaika nambala. Anandiwerengera ndili pampando wa makasitomala.

"Olowa nthawi imodzi, asanu ndi mmodzi. Zilombo, ayi. Kumenyana, ayi. Kulowa munthu wosalembedwa dzina, ayi. Dzuwa ndaliimitsa pamutu, maso a bambo safuna mdima."

"Waimitsa dzuwa?"

"Mzere wa khumi ndi chinayi, malume."

Panali mzere wina umene anauganizira nthawi yaitali. Dzikolo likhoza kupereka mabuloko aulere osatha, kapena munthu azikumba yekha n'kunyamula. Anasankha zokumba.

"Njerwa yongogwa kumwamba bambo sangailemekeze," anatero.

M'shopumo zonse zinkayenda. Atayesa ali kunyumba, pa laputopu imene mng'ono wake anatumiza, seva sinkapezeka. Zinamutengera masiku anayi, ndipo masiku amenewo sanali munthu woti n'kumupatsa moni kawiri. Vuto linali rauta, kabokosi kamene kamabweretsa intaneti m'shopu. Kankabweza aliyense wochokera kunja.

"Ndi mlonda wa pageti," anandifotokozera atazitulukira. "Alendo akufika, koma sanauzidwe kuti apite chipinda chiti, ndiye akungowathamangitsa."

Anatsegula khomo limodzi lokha, la nambala yake, n'kuliloza ku seva. Malangizo ena ankati atsegule onse kuti zisavute. Analemba pambali kuti "izi ayi". Zinayenda masiku awiri, magetsi n'kuthima. Atayaka, rauta inapatsa seva adiresi ina, khomo lija n'kumaloza pamalo opanda kanthu. Anaikhomerera adiresiyo kuti isasunthenso, n'kupezanso dzina lokhazikika loti abale ake akutali azilemba m'malo mwa manambala. Pa nkhani ya magetsi analumikiza batire yoti igwirizize seva mpaka itseke bwino yokha.

Vuto lotsiriza linali la ntchito yake yomwe. Seva anaiika pansi pa kauntala, pafupi ndi makina odulira. Sabata yachiwiri inatentha n'kuzima. Atatsegula chivindikiro anapeza fani yaphimbika ndi fumbi la mkuwa, lonyezimira ngati lopakidwa dala. Anaipukuta ndi burashi ya mano, n'kukunga sokosi yakale pobowola polowera mphepo. Ine ndinamukhomera shelefu pamwamba, pafupi ndi siling'i, kutali ndi makina. Ndi mbali yokhayo ya seva imene ndinagwirapo.

Chizolowezi china sanachiwerenge paliponse, anachitenga ku lamulo loyamba lija. M'mawa uliwonse, asanadule kiyi woyamba, ankakopera dziko lonse pa fulashi. Anali nazo ziwiri, ya chingwe chofiira ndi ya chingwe chobiriwira, lero iyi mawa inayo. Ankazikoleka pamsomali womwe amakolekapo makiyi oyambirira a anthu.

Zonse zitatheka, panatsala alamu. Atauzidwa za gemu anangoti, "Zachibwana." Amakiyi sanatsutse. Analowa m'dzikomo n'kumanga kanyumba koipa mwadala: chitseko pakona penipeni, zenera lina m'mwamba lina m'munsi, khoma lina lalitali kuposa linzake. Anaika laputopu patebulo moyang'ana bambo ake, mausi pambali pake. Ine ndinalipo, ndinabwera kudzamwa tiyi. Alamu anapirira mpaka tiyi wanga atatha.

"Wamanga ndani chinthu ichi?"

"Ine, Bambo."

"Gumula."

"Gumulani nokha, ine makasitomala akundidikira."

Anawaonetsa kamodzi: lamanzere pa mabatani oyendera, lamanja pa mausi. Kenako anatenga chikwama chake n'kutuluka. Alamu anandiyang'ana.

"Musandiyang'ane ine, alamu," ndinatero. "Ine makoma oipa ndinawazolowera. Ndakhomapo madenga zaka makumi atatu."

Ananyamula dzanja lamanja ndi lamanzere n'kuliika pa mausi. Chala chinakana. Thukuta linatsika m'khosi. Ndinayang'ana wotchi, osati chifukwa cha chifundo, ndinkafuna kudziwa. Panapita mphindi makumi awiri, mausi n'kulira kuti tike, buloko imodzi ya zenera lokhota lija n'kugwa.

Kanyumbako anakagumula masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anayeza malo poyenda mapazi, monga ankachitira kale asanakunge chingwe, n'kuyamba maziko. Inali nyumba ya zipinda zitatu, pulani ya nyumba yoyamba imene anamanga paokha atasiya kuperekera ena njerwa. Tsiku loyamba anaika mabuloko asanu ndi awiri. Dzanja linkanjenjemera, ndipo buloko ina inkagwera pambali n'kutuluka kunja kwa mzere. Zina ankazichotsa, zina ankati adzazibwerera. Mwezi usanathe ankaika makumi anayi pa tsiku. Dokotala wa mafizo atapima zala anafunsa kuti kampira kaja akufinya kangati. Alamu anati kambirimbiri.

Lamlungu masana ana onse ankalowa, foni ili patebulo kuti azimvana. Nesi ankakumba mchenga. Amakiyi ankatuta miyala. Manijala ankazungulira kupereka malangizo n'kumagwera m'maenje. Alamu ankawakalipira onse, ndipo mawu ankamveka bwino sabata ndi sabata.

Lamlungu lina Manijala anagwera m'dzenje lakuya, n'kukanika kutuluka. Amakiyi analemba mzere umodzi, mchimwene wakeyo n'kupezeka waima pamtunda.

"Iwe, zimenezo wachita bwanji?"

"Ndili ndi kiyi wa seva, achimwene. Amatsegula chilichonse."

"Ndipatse nanenso."

"Mukagwa muzingondiuza, ndizikuvuulani."

Nesi anaseka. Kunali kulakwitsa kumeneko. Lolemba m'mawa Manijala anandiimbira.

"Malume, m'banja muno wamkulu ndani?"

Funsolo linali ndi pogwira. M'banja la alamu makiyi onse amapita kwa mwana woyamba. Kiyi wapadera wa nyumba ali naye ndi iye, ngakhale amakhala ulendo wa tsiku lathunthu. Mapepala a puloti ali ndi iye. Kiyi wa bokosi la malemu amayi ake ali ndi iye, ndipo wodula makiyi, amene akhoza kulitsegula ndi pini ya tsitsi, amadikira mchimwene wake abwere. Sizinavutepo. Manijala si munthu woipa. Chipatala chonse cha bambo ake amene anathamanga nacho ndi iye.

Ndinapita kushopu kukamuuza Amakiyi kuti amupatse mchimwene wake kiyi wa seva.

"Malume, lamulo langa mukulidziwa."

"Limenelo ndi la makasitomala. Uyu ndi mchimwene wako."

"Sadziwa kuti kiyiyu amachita chiyani."

"Wa bokosi lija amachita naye chiyani? Amangosunga. Mpatse, mtima ukhale pansi."

Anakwera pampando kuti afikire seva, n'kulemba dzina la mchimwene wake pa mndandanda wa eni seva. Ndinamulangiza molakwika. Ndanena, sindibwerezanso.

Lachinayi la sabata yachisanu ndi chiwiri alamu anafika pa lintala, mtanda wa pamwamba pa chitseko. Pamafunika kuika mabuloko m'malere, dzanja litakhazikika. Anayamba atangomwa tiyi, anamaliza patapita maola atatu. Anadya, n'kukagona pang'ono.

Nthawi yomweyo Manijala anali pa nkhomaliro ku ofesi kwake. Analowa m'dzikomo yekha, n'kuona makoma a bambo ake, mabuloko ena atatuluka kunja kwa mzere, ntchito ya masabata asanu ndi awiri isanafike n'komwe padenga. Zinamumvetsa chisoni. Anafufuza pa intaneti, n'kupeza kuti mwini kiyi akhoza kusalaza malo ndi mzere umodzi, n'kuikapo nyumba yomangidwa kale ndi anthu ena. Anachitadi. Pomwe panali makoma a alamu panaima chinyumba cha nsanjika zitatu, cha magalasi mbali zonse, ndi dziwe losambira kutsogolo. Anatumiza uthenga kwa tonse: "Bambo asavutikenso. Mphatso yanga."

Alamu anadzuka cha m'ma fili koloko. Ndinalipo. Anatsegula laputopu, n'kuzungulira chinyumbacho kamodzi. Anafunafuna pomwe panali chitseko chawo. Panali maluwa. Anatseka laputopu ndi dzanja lamanzere, n'kutembenuza mpando kuyang'ana khoma la pabalaza.

"Alamu," ndinatero.

"Amaliza," anayankha. "Pitani kwanu."

Lachisanu m'mawa sanaitsegule. Dzanja linabwerera pamwendo. Amakiyi atawaikira kapu kumanja monga ankachitira masabata amenewo, anaitenga ndi lamanzere.

Amakiyi ndinamupeza kushopu atangotsegula. Tsiku limenelo sanakopere dziko. Fulashi ya chingwe chofiira, ya Lachinayi m'mawa, inali pakauntala patsogolo pake.

"Ili m'menemu?" ndinafunsa.

"Yonse, kupatula za dzulo."

"Ndiye ukudikira chiyani?"

"Kubwezeretsa ndi mphindi khumi, malume. Koma ndikabwezeretsa ndagumula mphatso ya achimwene. Ndipo ndikawasiyira kiyi, mawa athandizanso."

Pa moyo wake wonse anali asanamulandepo kanthu mchimwene wakeyo. Anadula makiyi awiri a kasitomala, wachiwiriyo anamuononga n'kudulanso. Ndinali ndisanamuonepo akuononga kiyi. Kasitomala atatuluka anatseka chitseko, n'kuimba foni, mawu ali pamtunda kuti nanenso ndimve.

"Achimwene, nyumba ija ndikuichotsa."

"Ukuti chiyani? Bambo aiona?"

"Aiona. Chiionereni sanagwirenso mausi."

"Azolowera. Ukudziwa kuti ndinataya nkhomaliro yanga yonse pa chimene chija?"

"Ola limodzi. Iwo masabata asanu ndi awiri."

"Ndimawathandizatu ine! Unaliona khoma lija? Ngati mano a nkhalamba. Munthu wodwala mukumutuwitsa ndi ntchito, inu muli phee kuonerera."

"Dokotala anati dzanja ligwire ntchito. Sanati bambo akusowa pogona."

"Ndiye agumule okha, ngati kaja kako."

"Kanga kanali koipa, kanawayabwa m'manja. Yanuyi yawauza kuti ntchito yawo sikufunikanso."

Mawu a Manijala anakwera.

"Iwe, ukudziwa kuti ukuyankhula ndi ndani?"

"Ndi achimwene anga, ndipo ndimakulemekezani. Kiyi wa nyumba sungani. Mapepala sungani. Wa bokosi la amayi sungani. Uyu yekha ndikutenga."

"Malume ali pompo? Malume, mukumumva mwana uyu?"

"Ndikumumva," ndinatero. "Wolakwa ndine, amene ndinati upatsidwe. Bweza kiyi."

"Sachita kubweza, malume," anatero Amakiyi. "Ndatenga kale."

Foni inaduka. Amakiyi anakwera pampando. Anaimitsa seva. Dziko la chinyumba sanalifufute, analisunga pambali n'kulilemba dzina, kuti mwini wake akadzalifuna adzalipeze. Analowetsa fulashi yofiira, n'kukopera dziko la Lachinayi m'mawa. Asanayatse anawonjezera lamulo limene anali asanaliganizirepo: pa puloti ya bambo ake palibe woika kapena kuchotsa buloko, kupatula iwo eni. Ngakhale dzina lake lomwe analitsekera kunja. Anayatsa, n'kulowa kukaona. Makoma anali pomwepo, ndi mabuloko ake otuluka kunja kwa mzere.

Anatseka shopu masana, zimene sachita ngakhale akudwala mutu. Ndinamutsatira kunyumba, komwe anapeza bambo ake momwe anawasiyira. Anatsegula laputopu, n'kukokera tebulo kutsogolo kwa mpando, pakati pa iwo ndi khoma la pabalaza.

"Bambo, makoma anu."

Sanayang'ane msanga. Atayang'ana, anayang'anitsitsa, kuyambira pa maziko kukwera.

"Lintala?"

"Yapita. Ndinakopera m'mawa musanaiike."

"Maola atatu."

"Ndikudziwa. Pepani."

"Wamkulu uja abweranso ndi magalasi ake?"

"Sangathe. Pamenepa palibe angakhudze, ngakhale ine. Pakakhota, pakhota ndi inu."

Alamu anapuma mozama. Anayang'ananso pamwamba pa chitseko, pomwe panali mpata.

"Inatsika ndi mzere umodzi lintala ija," anatero. "Munthu wamtali akanagunda mutu."

Dzanja lamanja linachoka pamwendo. Linakwera pang'onopang'ono, likugwedezeka, n'kutera pa mausi. Lamanzere silinathandize. Amakiyi anaona, ine ndinaona, ndipo palibe ananena kanthu, chifukwa alamu ukawayamikira amasiya. Amakiyi anatenga chikwama chake n'kubwerera kushopu.

Lamlungu lotsatira Manijala sanalowe. Linalo analowa mochedwa, n'kuima m'malire mwa puloti. Anayesa kuika buloko imodzi, seva inakana. Alamu anali pamwamba pa khoma lakumbuyo.

"Muuzeni wamkuluyo," anatero molunjika pafoni, "njerwa zatha kuno."

Kenako tinamuona Manijala akutembenuka kulowera ku dzenje la miyala. Anabwera ndi mtolo n'kuutula m'malire.

"Zochepa," anatero alamu.

"Ndikubwera nazo zina, Bambo."

Mpaka lero ndiye wopereka njerwa, ndipo amafika nthawi yake. Akagwera m'dzenje amaitana mlongo wake Amakiyi, iye n'kumuvuula. Za chinyumba cha magalasi sanafunsepo. Atabwera kudzacheza pa tchuthi anaima m'shopu muja kuyang'ana shelefu.

"Ndi kameneka?" anafunsa. "Kovala sokosika?"

"Ndi kameneko, achimwene."

"Sikanazimepo?"

"Chichokereni pansi pa kauntala, ayi."

Anagwedeza mutu, n'kutulutsa kiyi wa ofesi yake kuti amudulire wapadera. Anabweretsa woyambirira.

Amakiyi tsopano amakopera kawiri, m'mawa ndi masana, ndipo mafulashi pamsomali paja alipo atatu. Kope lija linadzaza, anayamba lachiwiri. Mwini malo omatira matayala anamupempha kuti amukonzere seva ya banja lake. Anamukonzera, n'kumupatsa kiyi mmodzi yekha, ndi pepala la zinthu zoti asachite.

Makoma a nyumba ya alamu anatha mwezi wachisanu. Za denga anati adzaona, chifukwa akalipentala amene amawadziwa ndi osadalirika. Dzanja silinabwerere mwakale, ndipo dokotala akuti silidzabwerera. Zala ziwiri zakumapeto zimakanabe. Koma amamanga mabatani a malaya okha, amagwira kapu, amasaina dzina lawo.

Mwezi wathawu anati akufuna kukaona chinthu chimene chimasunga nyumba yawo. Tinayenda wapansi, iwo ndi ndodo, ine ndi chikwama chawo chakale cha zida chimene anakakamira kuti tinyamule. Ulendo wa mphindi khumi tinayenda theka la ola. M'shopumo anaima pansi pa shelefu kumvetsera seva ikulira. Anapempha mpando woti akwerepo, mwana wawo n'kukana. Ndiye anatsegula chikwama, n'kutulutsa levulo, chida choyezera ngati chinthu chapendama, ndi dzanja lamanja. Anatambasula mkono mpaka pamwamba, n'kuigunditsa kunsi kwa thabwa, n'kuigwira pomwepo osagwedezeka mpaka kadontho ka m'kati mwake kataima.

"Mwana wanga, makinawa wakonza bwino," anatero. "Koma shelefu iyi anakhoma ndani?"

Ndinapita kukaona ndekha. Kadontho kanali kumbali. Ndinabwera ndi hamala mawa lake.